Anyani Atasiya Kuopa a Mekuria

Lachiwiri, 3 Hidar

Mwezi wa Hidar walowa, chisanu chayamba. M'mawa uno madzi a m'beseni anali ataundana pamwamba, ndinachita kuboola ndi chala. Miyezi inayi ndili kuno kumapiri a Menz koma mphuno yanga sinazolowerebe, ingochucha ngati ya mwana.

Ababa Mekuria akutsokomola kwambiri masiku ano. Khoma la pakati pa chipinda changa ndi chawo ndi lopyapyala, ndiye chifuwa chawo ndimachidziwa kuposa changa. Pulojekiti inangowapempha chipinda choti ndizigonamo pochita kafukufuku wanga, koma iwo ndi Amayi Ayelech ananditenga ngati mwana wobereka okha, mpaka kumandikalipira ndikasiya chakudya m'mbale.

Kutacha ananyamula chikwapu kuti azipita kukalinda balere wawo, atafunda chibulangete chawo chakuda chija cha ubweya wa nkhosa, chimene mabowo ake achuluka kuposa ubweya. Mtima unandipweteka. Ndinalowa m'nyumba n'kutulutsa jekete langa lachiwiri la ku pulojekiti, la buluu ngati lomwe ndimavala potsata anyani. Lakhala m'chikwama chibwerereni chifukwa ndi lalikulu, ndikavala manja amasowa.

Anakanakana mwaulemu, koma pakamwa pakukana mkono unali utalowa kale. Zipi inawavuta. Amayi anawatsekera akung'ung'udza.

"Taimani bwino inu, mukuyendayenda ngati mwana wa ng'ombe."

"Make Tamrat, tandiyang'anani. Sindikuoneka ngati woyendetsa ndege?"

"Mukuoneka ngati thumba la feteleza."

Anandigwira pamutu n'kundidalitsa kuti digiri yanga ibwere msanga, ndi mwamuna wosamwa mowa. Ndawauza kuti digiriyo ndiyo ikufulumira.

Masabata awiri akubwerawa sinditsata anyani. Dr. Amare, aphunzitsi ondiyang'anira, akufuna ndiyende m'midzi ya kumunsi kufunsa alimi za mmene achilada, anyani a kuno, akuwadyera mbewu. Ndiwasowa anyani anga a chifuwa chofiira, makamaka a Kaputeni, tonde wa gulu lonse, amene amayenda ngati phiri lonseli analigula.

Lachisanu, 6 Hidar

Miyendo yatha. Nyumba iliyonse khofi, nyumba iliyonse balere wokazinga, ndipo ukakana ndiye kuti wanyoza. Mtima ukugunda ngati ndathamanga.

Yankho ndi limodzi paliponse: "Lemba kuti amatha zonse." Mayi wina anandiyang'ana kuyambira nsapato mpaka kumutu. "Ndiwe m'busa wa anyani uja? Ukawauze ana akowo kuti ifenso tili ndi ana."

Chandisangalatsa n'chakuti ndikangotchula kumene ndikukhala, nkhope zimamasuka. Munda wa Ababa ndi womaliza, uli m'mphepete mwenimweni mwa phompho limene anyani amagona, ndiye akalinda wawo amakhala alindira mudzi wonse. Akuti a Mekuria akakuwa, nyani wa tsidya lina la chigwa amataya chimene wagwira. Phewa linasiya kale kuponya gulaye, koma mawu ndi chikwapu zimakwana. Ndinamva kunyada ngati akutama bambo anga enieni.

Ndafika kunyumba ndawapeza ali duu, osandifunsa ngakhale nkhani za kumunsi. Amayi anandinong'oneza ku khitchini: "Anyani alowa m'munda. Dzulo ndi lero."

Lamlungu, 8 Hidar

Jekete lapita kutchalitchi! Analivala m'kati mwa nsalu yoyera, koma chipewa chake anachitulutsa dala pakhosi kuti anthu aone.

Potuluka, a Ashagrie, amene munda wawo wagundana ndi wathu, anayamba zawo pamaso pa anthu. "Achimwene, ndamva kuti mwatsegula lesitilanti kuphompho. Makasitomala akulipira bwino?" Anthu anaseka. Ababa anasekanso, koma kuseka kwa mano okha.

Masana Tamrat anaimba foni kuchokera ku Debre Birhan. Ndi mwana wawo yekhayo, ali ndi golosale ndi nyumba ya malata, ndipo chipinda cha makolo ake anamanga kalekale. Lero ndi pamene Amayi andiuza zonse. Chaka chatha Ababa atadwala chibayo, Tamrat anawagwadira pamaso pa ansembe kuti asamukire kutauni. Ababa anakana, koma anasiya mawu: chaka chimene ndidzalephere kulinda munda wanga, udzabwere ndi galimoto. Munda adzabwereka a Ashagrie. Ndiye a Ashagrie aja foni yawo sinagone, nkhani yafika kale kutauni. Tamrat akubwera pa 21, pa chikondwerero cha Mariya, kudzaona ndi maso ake.

"Inu mukufuna kupita, Amayi?"

"Ine maondo angakonde. Koma awo kutauni sangathe chaka, angafe ndi kukhala pampando."

Balere sanache. Akuti atsala masabata awiri kapena kuposa.

Lachiwiri, 10 Hidar

M'mawa ndawamva kuseri kwa khola akuyesa mawu. "Haaa! Haaa!" Ng'ombe zinadzidzimuka, galu anathawira kunsi kwa nkhokwe, inenso ndinatsala pang'ono kugwetsa kapu. Mawuwo ndi omwe aja, sanachepe ayi.

Madzulo akudya anandifunsa osandiyang'ana. "Mwana wanga, iwe wa sukulu, nyani amadziwa kuti munthu wakalamba?"

Ndinati sindikudziwa. Ndikanalekera pomwepo. Koma pakamwa panga pakamva za achilada sipatseka, ndiye ndinayamba kufotokoza kuti tonde akakalamba amalandidwa akazi ndi wachinyamata, chifuwa chake chimafwifwa, koma samupirikitsa, amangokhala chakumbali n'kumalera tiana.

"Ku Debre Birhan," anatero, n'kusamba m'manja.

Ine Rediet, lilime langali lidzandiphetsa.

Lachinayi, 12 Hidar

Tsiku la Mikayeli Woyera. Palibe wolima, palibe woyankha mafunso anga, koma nyani sadziwa tsiku la oyera. Ndinavala jekete langa n'kuwaperekeza kumunda titachoka kutchalitchi. Awiri a buluu, wamkulu ndi wamng'ono. Anakondwa, akuti tikuoneka ngati boma.

Dzuwa litafunda anyani anatulukira pamwamba pa phompho. Ndi gulu langa lomwe, a Kaputeni patsogolo. Anakhala kaye pansi kutolana nsabwe, kenaka anayamba kukhwekhwereza matako molunjika ku balere. Ababa anaimirira, anakuwa, analiza chikwapu mpaka chigwa chinayankha. Anyani anadumpha pang'ono, anawayang'ana, n'kupitiriza. A Kaputeni anadutsa pafupi ndi miyendo yawo osatembenuka n'komwe. Kamwana kena kanalumpha phazi lawo monga kamalumphira langa.

Monga kamalumphira langa.

Ndisanamalize kuganiza, mayi wina wa diresi lofiirira anadutsa panjira ya kumtunda atabereka chigubu, patali ndithu, osakuwa, osatani. Gulu lonse linangoti balala, kuthawira kuphompho. Mayiyo atapita, anabwerera.

Zaka zisanu ndi chimodzi ophunzira a pulojekiti yathu akhala akuvala buluu yemweyu, kukhala phee pakati pa gululi, osaponya mwala, osaopseza, mpaka anyani anaphunzira kuti wa buluu ndi chimodzimodzi tsinde la mtengo. Tinasankha buluu dala kuti azolowere ife tokha, alimi aziwaopabe. Lamulo loyamba limene anandiuza tsiku lofika ndi lakuti usapite kwa anyani osavala jekete. Ndinaliloweza. Koma sindinaliganizepo chakumbuyo kwake, kuti nanga mlonda akalivala?

Si ukalamba. Ndi ine. Ndinawaveka ndi manja angawa.

Ndinaima pamenepo ndikuonerera anyani akupulula ngala za Ababa, ndipo ine sindiloledwa kuwathamangitsa. Ababa anakuwa mpaka mawu anasasa. Pobwerera anati, "Waona wekha, mwana wanga." Ndinati ndaona. Zinazo sindinawauze. Ndadziuza kuti ndiyambe ndamva kwa Dr. Amare, koma chilungamo chake ndi mantha basi.

Lachisanu, 13 Hidar

Ndakwera kachitunda ka netiweki. Ndinawaimbira Dr. Amare n'kuwauza zonse za jekete.

"Ulitenge lero lomwe. Akadzangogenda nyani atavala buluu, ntchito ya anzako onse yapita m'madzi."

"Sagenda, phewa linafa."

"Ulitengebe. Ndipo usanene chifukwa chake."

Si munthu woipa. Akuti kwina anaonapo pulojekiti ikuthamangitsidwa pa nkhani yocheperapo. Alimi akamva kuti taphunzitsa anyani kusaopa munthu, ndiye kuti ngala iliyonse yosowa kuyambira lero ndi mlandu wathu, ndipo agalu ndi misampha zidzatuluka. Ophunzira awiri akudikira kubwera chaka chamawa. Inenso digiri yanga ili pa anyani omwewa.

Ndinati ndamva. Koma iwo anakulira ku Addis ngati ine, ayiwala za kuno. Chimene wapatsa munthu wamkulu, iye n'kukudalitsa pamutu, umachilanda bwanji? Bola kumutukwana.

Loweruka, 14 Hidar

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene. Chimene chinatuluka ndi chakuti, "Amayi, ndipatseniko mchere."

Lolemba, 16 Hidar

Kusala kwa Khirisimasi kwayamba, ndiye mphodza m'mawa, mphodza madzulo. Mwina n'chifukwa chake nzeru zanga zaonda.

Dzulo ndinawatulutsira Ababa juzi yanga yofiira, yokhuthala bwino, kuti tisinthane. Anaigwiragwira n'kundibwezera. "Mphatso ya mwana sasinthanitsa ngati mbuzi pamsika."

Ndiye ndinapanga pulani. Ndinauza Amayi kuti majekete amenewa akapanda kuchapidwa amasiya kufunda. Bodza la mkunkhuniza, Mulungu andikhululukire. Ndimati jekete la Ababa likanyowa avala chibulangete chawo, apita kumunda, anyani athawa, nkhani yatha popanda ine kuulula kanthu. Amayi analiviika m'mamawa Ababa asanadzuke.

Atadzuka analipeza pampanda likudontha. Anakhala pansi pafupi nalo.

"Simupita kumunda?" anatero Amayi.

"Ndikudikira liume."

"Valani bulangete lanu."

"Kuti Ashagrie azikanena kuti mwana wandilanda? Pitani inuyo, muone ngati n'zophweka."

Amayi anatenga ndodo n'kupita, akutsimphina ndi maondo awo. Ndipo anyani atangowaona patali anathawa onse, tsiku lonse osayandikira. Dzuwa lisanalowe mudzi wonse unali utamva. A Ashagrie anachita kubwera pakhomo. "Achimwene, zatheka! Apatseni alamu chikwapu, inu muzikazinga khofi."

Ababa sanadye. Jekete analivala likadali lonyowa m'makhwapa.

Ndafuna kukonza, ndawonjezera. Ndikudzida.

Lachiwiri, 17 Hidar

Mafunso m'mudzi wa kutsidya. Sindikukumbuka chimene anthu anayankha. Chifuwa cha Ababa chabwerera.

Lachitatu, 18 Hidar

Ndathawa ntchito masana, ndavala jekete langa n'kupita kumunda. Patali ndinadabwa kuti kuli zii, kopanda chikwapu, kopanda kukuwa. Ndinathamanga.

Ndinawapeza atakhala pamwala wawo, chikwapu chili pansi, anyani atawazungulira mbali zonse. Anandikodola ndi dzanja kuti ndibwere pang'onopang'ono, ngati kuti ineyo ndiye mlendo.

"Khala apa. Usasokose."

Ndinakhala. Chigawo cha munda cha kuphompho chatha, kwatsala mapesi okhaokha. Iwo sanali kuyang'ana kumeneko. Anali kuyang'ana nyani wamkazi amene kwathu ku pulojekiti timangomutchula ndi nambala, wa khutu long'ambika, ali ndi kamwana kakuda bii pamimba.

"Uyu ndamutcha Make Chipongwe," ananong'ona. "Kamwana kakeko dzulo kanandimasula chingwe cha nsapato. Taona mmene akukagwirira mutu. Ayelech ankamugwira choncho Tamrat."

Akuti kuyambira ali mnyamata akhala akuona misana ya anyani yokha, akuthawa. Sankadziwa kuti zikope zawo ndi zoyera. Sankadziwa kuti amacheza. "Tamvera. Ngati amayi pa khofi. Uyo akunena za mwamuna wake, uyo akuti iii, musatero." Anaseka chapansipansi mpaka chifuwa chinawagwira, ndipo Make Chipongwe anangowayang'ana n'kupitiriza kubudula.

Kenaka anati, "Ndimuuza Tamrat asachotse mipando m'galimoto, katundu wathu ndi wochepa. Mawu ndinapereka pamaso pa ansembe. Munthu amene kamwana ka nyani kakusewera ndi phazi lake si mlondanso." Anatembenukira kwa ine. "Kodi ku Debre Birhan kuja, ukakhala pakhonde umaona chiyani?"

Ndinati khoma la aneba.

Anagwedeza mutu. Ine misozi inali ikutsika, ndinanamizira mphepo. Ndimawakonda bambo amenewa. Mawa ndinena, Dr. Amare andikhululukire kapena asandikhululukire.

Lachinayi, 19 Hidar

Tsiku la Gabirieli. Ndanena.

Ndinadikira khofi wa masana, tili atatu, lubani akufuka. Kapu yoyamba ndinamwa. Pa yachiwiri ndinayamba, ndipo ndinanena zonse, za buluu, za ophunzira a m'mbuyomu, za mayi wa chigubu, ngakhale za bodza la kuchapa. Ndinkayang'ana pansi, pa udzu umene Amayi amayala.

Ababa anagwira kolala ya jekete n'kuiyang'ana ngati akuiona koyamba.

"Ndiye ukuti akaona ichi amayesa ndine iweyo?"

"Eya, Ababa."

"Ndiye si ine amandiderera. Amaderera iwe!"

Kuseka kwake! Anagwira pamimba, anamenya bondo, misozi mbwee, chifuwa n'kulowererapo. "Make Tamrat, mwamva? Mwana wa sukulu, wa mabuku, anyani amamuyesa chitsa!" Anatuluka panja n'kukuwa kamodzi, "Haaa!" Nkhuku zinabalalika. Anabwerera atawongoka msana, ndinali ndisanawaonepo ataliatali choncho.

Amayi sanaseke.

"Unadziwa liti?"

"Pa Mikayeli."

"Pa Mikayeli. Lero ndi Gabirieli. Masiku onsewa bambo ako akugona ndi njala, balere akutha, iwe uli chete m'nyumba mwanga momwe muno, ukundichapitsa zovala."

Anathira khofi wachitatu, amene kuno amati ndi wa madalitso, m'kapu ya Ababa ndi yawo. Yanga anaidumpha. Chibwerereni sanandichitepo zimenezi, ndipo zinandipweteka kuposa mbama. Ababa anayang'ana Amayi, anayang'ana ine, kenaka anakankhira kapu yawo kwa ine ndi chala.

"Imwa. Anandipatsa chifukwa ndinkatsokomola, osati chifukwa ankafuna balere wanga."

"Nanga kukhala chete kuja?"

"Anaopa. Inu simunaopepo?"

Amayi anatsonya, koma anawathirira Ababa wina m'kapu yanga yopanda kanthu ija. Ndiye tinamwa mosinthana makapu.

Ndinawauzanso kuti mudzi ukamva, pulojekiti ikhoza kuthamangitsidwa, ine ndi digiri yanga limodzi. Sindinawapemphe kuti abise, ndinalibe nkhope yopemphera. Ababa anati iwo ndi munthu wosunga chinsinsi. Amayi anati likamafika Lamlungu ngakhale bulu wa ansembe adzakhala atamva.

Ndakwera kachitunda n'kuwalembera Dr. Amare uthenga kuti ndaulula. Awerenga. Sanayankhe.

Lachisanu, 20 Hidar

Ndimati zatha, koma m'mawa ndikutuluka ndawapeza atavalanso jekete, zipi mpaka pachibwano. Adziwa kutseka okha tsopano. Amayi anaponya chikho pansi.

"Bambo a Tamrat, mutu wanu ukuyenda? Mwana wanu akubwera mawa! Pakadafunda padajiwitsa, vulani chimenecho."

"Lero lokha."

"Lero lokha chiyani?"

"Munthu sachoka pakati pa anzake osatsanzika."

"Anzanu ati? Akuba aja? Mukatsanzike ndi balere wanga?"

Anagwirizana atakangana mpaka khofi anazizira. Amayi akalinda munda ndi ndodo yawo, Ababa apita nane kumtunda ku dambo la udzu kumene anyani amadya akapirikitsidwa m'minda. Amayi anati ndikawabweretse amoyo, ndipo maondo awo akatupa ndiwathowa ndine. Ndiye kuti ayambanso kundilankhula.

Tinakhala kumeneko mpaka dzuwa kupendeka. Sindinalembe kanthu ka kafukufuku, ndinkangoyang'ana iwo. Anafunsa chilichonse. Uyu mkazi wa ndani, uyo akwiyiranji, n'chifukwa chiyani a Kaputeni amapinda mlomo kuonetsa nkhama. Nditawauza kuti akazi ndi amene amasankha kopita, tonde amangotsatira, anati zimenezo akuzidziwa kale, anakwatira.

Make Chipongwe anabwera yekha. Anakhala pafupi kwambiri moti mchira wake unagona pa nsapato yawo, atawafulatira, akuzula udzu. Nyani akakufulatira ndiye kuti wakukhulupirira. Kamwana kanakwera pamsana pa make, kanawasuzumira, kanagwira mkono wa jekete n'kukoka. Lamulo limati usunthe, usalole akukhudze. Sindinawauze. Iwo anasiya ngakhale kupuma kuti chifuwa chisakaopseze.

Madzulo anagogoda pachitseko changa, jekete atalipinda bwinobwino m'manja.

"Sindikubweza ayi, usaganize molakwa. Langa ili. Ndikukupatsa mphatso, ndaona kuti umazizidwa."

Ndinalandira ndi manja awiri n'kuwapsompsona bondo monga amachitira ana a kuno. Likununkha utsi ndi fodya wawo wa pamphuno. Sindilichapa.

Loweruka, 21 Hidar

Chikondwerero cha Mariya. Tamrat anafika tikutuluka m'tchalitchi, pa galimoto yobwereka, mipando yakumbuyo atachotsa ndithu. Munthu wabwino, wonenepa, maso ngati a Amayi. Anawagwira Ababa m'mapewa n'kuyamba kulira kuti aonda. Si mdani, amangofuna bambo ake afe ali pofunda.

"Ababa, ndamva zonse. Palibe chamanyazi. Mwagwira ntchito yakwana."

"Wamva kwa Ashagrie. Tiye ukamve kwa anyani."

Anafunda chibulangete chawo chakuda, anatenga chikwapu. Tinatsatira tonse, Amayi, Tamrat, ine, ndi a Ashagrie amene palibe anawaitana. Ine ndinavala diresi, ndiye ndinabisala kuseri kwa mpanda wa miyala wa kumtunda kuti anyani asandione wopanda buluu. Ababa anati enanso onse akhale pomwepo, awerame, pasapezeke wonena kuti anyani athawa gulu la anthu.

Anyani anali alowa kale, popeza m'mawa wonse munalibe munthu. A Kaputeni pakati penipeni pa munda, masaya ali tututu.

Ababa anatsetsereka okha, pang'onopang'ono. Bwanji ngati anazolowera nkhope yawo? Sabata ziwiri akhala nawo maso ndi maso. Mabuku sanena kanthu pa zimenezi.

Nyani wina anadzutsa mutu n'kulira. Onse anaima. Ababa anakoka mpweya.

"Haaa!"

Sindinaonepo zotere. Munda wonse unanyamuka. Fumbi, kulira, ana akudumphira pamisana ya amawo, a Kaputeni kutaya ulemu wonse n'kudutsa akazi awo omwe. Anakhuthukira kuphompho ngati madzi a m'chidebe. Chikwapu sanachilize n'komwe.

Tamrat anaimirira pakamwa pali yasa, kenaka anayamba kuseka n'kumawomba m'manja. Amayi analuluta. A Ashagrie anati anyani a masiku ano ndi opusa, n'kukumbukira kuti ali ndi alendo kunyumba.

"Mwawina, mdala!" anakuwa Tamrat. "Chaka chino mwawina! Ndibwerera ndi mbatata m'galimotomo!"

Ababa sanatembenuke. Anayenda mpaka m'mphepete mwa phompho n'kuima, akuyang'ana pansi. Enawo atayamba kubwerera kunyumba kukakonza chakudya, ndinatsika mowerama mpaka kumwala wawo, ndinagona chafufumimba n'kusuzumira.

Make Chipongwe anali pa kathanthwe chapafupi, wotsalira pa onse chifukwa cha mwana. Anawayang'ana. Anapinda mlomo, mano onse panja, akunjenjemera, kamwana atakapanikiza pachifuwa.

Ababa anawerama, anagwira maondo.

"Ndine ndemwe, mayi," anatero chapansipansi. "Wa dzulo uja."

Nyaniyo anakuwa, anatembenuka, n'kutsika mofulumira mpaka sitinamuonenso.

Anakhala choweramira nthawi yaitali. Kumtunda Tamrat ankaitana kuti chakudya chizizira, tibwere tikondwerere.

"Ababa, tiyeni."

"Pita, mwana wanga. Uwauze andisungire. Ine ndili pa ntchito."

Anakhala pamwala wawo, anakokera chibulangete m'mapewa, chikwapu pamiyendo. Nditafika pa mpanda ndinacheuka. M'munda monse munali iwo okha.